Chitsime cha Mafuta cha ku Balbriggan

Sekani, inu ophunzira a Masters, mano ndi anu. Koma amene akuti ku Ireland kuno kulibe chitsime cha mafuta aimike dzanja ndimuone, chifukwa ine Mbewe, mdala amene mumandipeza ndikusinza m'basi ya ku Beaumont, ndinachiphulitsa ndi manja angawa, masanasana, ndipo ngati ndikunama mphenzi indipeze pampando pomwe pano.

Nzeru zake ndinazitola ku nursing home komwe ndimagwira ntchito. Kuli nkhalamba ina yachizungu, a Seamus, amene unyamata wawo wonse anathera ku Texas, ntchito yawo kudzutsa zitsime za mafuta zikagona. Ndikamawasambitsa ankandiuza kuti chitsime chikauma suchinyengerera ayi: umathira mankhwala ophulika m'chitini chachitali, n'kuchitsitsa ndi chingwe pang'onopang'ono ngati ukutsitsa maliro, osatsokomola, osayetsemula, n'kutseka pamwamba kuti mphamvu isathawe, kenako iwe liwiro, thanthwe la pansi n'kung'ambika, mafuta n'kutumphuka. Ine ndinkatchera makutu onse awiri, kumadziona ngati injiniya.

Tsono kunyumba, ku Balbriggan, akazi anga a NaBanda ankakazinga mandasi Friday iliyonse, ogulitsa kutchalitchi ndi m'mashopu a pa Moore Street. Mafuta akada mpaka osathekanso, wowataya ndinali ine, ndipo ndinkangowakhuthulira mu sinki, poti kwathu ku Chikwawa ukathira mafuta pansi amalowa n'kupita. Ndani anandiuza kuti kuno kuzizira kumawaumitsa m'paipi? Zaka zitatu ndikuthira. Tsiku lina sinki inakana, bafa linakana, chimbudzi chinayamba kutibwezera zomwe tinachipatsa, ndipo sabata yomweyo landlord analemba kuti Saturday 2 o'clock akubwera kudzayendera nyumba. Nyumba imeneyo tinaisaka miyezi eight, ndipo contract inkaletsa bizinesi iliyonse m'khitchini. Plumber wa m'deramo ndi mlamu wake wa landlord yemweyo, kumuitana kunali kudzigwiritsa ndekha.

Mwamwayi, kapena mwatsoka, inali sabata ya Halloween, pomwe Dublin yonse imaphulitsa makombola. Ndinagula thumba lathunthu kwa bambo wina amene ankawabisa m'jekete, Saturday itakwana ndinawapakira m'chitini cha mkaka wa ufa, ndinamangirira chingwe choyanikira zovala, n'kutsegula dzenje la mapaipi kuseri kwa nyumba. A NaBanda anaima pakhomo atagwira m'chiuno.

"Bambo a Tadala, a Seamus anuwo ali ndi zala zingati?"

Ndinati seven, koma zimenezo n'zosagwirizana.

Ndinayatsa, ndinatsitsa chitini mwaulemu wonse, ndinabwezera chivundikiro chachitsulo, ndiye ndinakumbuka kuti pamwamba pamafunika cholemera, ndipo pabwalo ponse cholemera ndinali ine. Ndinakhalapo. Mukumva?

Abale anga, chinalira kamodzi kokha, ndipo ine ndi chivundikiro changa tinanyamuka, kudutsa denga, kudutsa mitambo ija imene inu simunaonepo kuseri kwake, ndinapeza dzuwa likungokhala kumeneko lopanda chochita, ndinalifunsa chifukwa chake silifika pansi, linachita manyazi, ndinapitirira mpaka ndinaona Wales kumanzere ndi phiri la Mulanje kutsogolo, ndege ina yochokera ku Addis inandizemba, woyendetsa anatsegula zenera n'kundifunsa njira ya ku airport, ndinamulozera ndi phazi poti manja anali atagwira chitsulo. Mukumva? Pansi mafuta a zaka zitatu anali atatumphuka kutalika kuposa tchalitchi, mbalame za kunyanja zodutsamo zinkagwa zokazingakazinga, anthu n'kumangowaza mchere, sitima ya 1 o'clock inaterereka panjanji osaima pa siteshoni ya Connolly mpaka inakapezeka ku Wexford, fungo la mandasi linafika ku Belfast, anzathu a ku Zambia anabwera ndi mbale akufunsa kuti ukwati uli kuti. Ine ndinatera bwinobwino pa dzenje lomwelo, chivundikiro n'kulowa m'malo mwake, kungoti thalauza linafika patapita mphindi ten.

Iwe wamagalasi, ndakuona ukugwedeza mutu. Chabwino, za ndegezo mwina ndathira mchere wambiri. Mwina ndinangokwera kufika pa zenera la khitchini n'kugwera m'maluwa a neba. Koma mafuta anatuluka, amenewo ndiye ndilumbira, akuda, oundana, osakanikirana ndi zina zosatchulika pamaso pa chakudya, ndipo anatulukira m'chimbudzi, mu sinki ndi m'bafa nthawi imodzi, mpaka kudenga. Paipi inang'ambika monga a Seamus analonjezera. Landlord anafika 2 koloko yeniyeni, anaima pakhomo nsapato zikumira, ananunkhiza, n'kufunsa mwaulemu kuti amakazinga ndani muno.

Ndiye chitsime chinalipo, ndipo mwini wake ndine, palibe Mmalawi wina anachitapo zimenezi ku Ulaya konse. Makiyi tinabweza dzulo. A NaBanda ali kwa mng'ono wawo ku Drogheda, foni yanga sakuyankha, ndipo chikwama chili kuseri kwa chitseko chanucho ndi changa. Mukatha kuseka, adzukulu, mundiuze ngati sofa iyi imatambasuka n'kukhala bedi.