Chigawo Chachiwiri Chimene Anandiletsa Kuonera

Kwathu ku Area 25, anthu amene ankaonera nane mpira ankati pakamwa panga padzandipalamulira mlandu tsiku lina. Ndinkawaseka. Sindinkadziwa kuti mlanduwo udzandidikira mpaka ndiwoloke nyanja, ndivale yunifolomu, ndiyambe ntchito yosamalira okalamba ku Midland kuno ku Perth.

Nthawi imeneyo ndinali ndisanakhazikike pa ntchito. Abwana, mayi wachizungu wosaseka wamba, anandiuza poyera kuti miyezi yoyambirira ndi yondiyesa, ndipo achibale a wokalamba aliyense akangodandaula za ine, nkhani ya viza yanga aiganizanso kawiri. Viza imeneyo ndi yomwe mkazi wanga ndi mwana wathu ankadikira ku Lilongwe kuti anditsatire. Choncho ndinkayenda mwaulemu ngati mkamwini watsopano, aliyense ndikumumwetulira (ngakhale amene wandiponda phazi ndi njinga yake ya olumala).

Tsiku lina m'mawa anandipatsa chipinda cha a Bruno. Dzinali ndasintha, ndipo dziko la ku Ulaya kumene anachokera sindilitchula (mwana wawo wamkazi ndi loya, musandifunse zambiri). Anali nkhalamba yaitali, ya manja akuluakulu a zala zopindika. Zimene ndinkadziwa ndi zoti anabwera pa sitima ya pamadzi ali mnyamata, nagwira ntchito yokonza sitima za pamtunda komweko ku Midland mpaka kupuma. Zala zopindikazo ndinkati zinapindika ndi zitsulo za kuntchitoko. Mutu wawo unkabwera ndi kupita: lero akudziwa, mawa akufunsa kuti ndiwe yani.

Wondipatsa malangizo anali Sisita Zulu, namwino wa ku Zambia, amene ankalankhula akuyenda ngati wasiya mkaka pamoto.

"Ba neba, ba Bruno mukabasambika, mubayashile bola yao pa TV. Koma ikafika half-time muzimye. Mwamvela? Muzimye!"

"Chifukwa chiyani, a Sisita?"

Funsoli ndinalifunsa msana wawo, chifukwa belu linali litalira kale kuchipinda china. Ndikadawatsatira n'kufunsanso. Koma ndinadziuza kuti mwina akuopa kuti agogowo atopa maso. Safunsa anadya phula, ndipo ine phulalo ndinalidya lonse.

Nditawasambitsa ndi kuwakhazika pampando, ndinayatsa. Unali mpira wakalekale, wa zithunzi zakuda ndi zoyera, chipale chikugwa ngati ufa. Woulutsa ankalankhula chinenero chimene sindikumva, koma mpira sufuna womasulira. A Bruno anandiuza m'Chingerezi chawo cholemera kuti anali masewero achipulula, a nthawi imene mabala a nkhondo yaikulu anali asanapole ku Ulaya. Wopambana amapita ku mpikisano wa dziko lonse, wogonja amakhala pakhomo.

"Ovala zakuda ndi athu," anatero.

Ine ntchito yanga inali yoyala bedi. Ndinayala mbali imodzi, diso lili pa TV. Abale, anthu akale ankasewera! Mpira wachikopa wolemera ndi matope, nsapato ngati za asilikali, munthu akagwetsedwa amangodzuka osagubuduka. Akuda aja anagoletsa chimodzi. A Bruno anaomba m'manja, inenso ndinaomba, pilo ali kukhwapa. Pofika nthawi yokapuma ndinali nditakhala pabedi lomwe ndimayala lija.

Rimoti inali m'manja mwanga. Mawu a Sisita ndinawakumbukira bwinobwino, sindinganame. Koma tandiuzani inu okonda mpira: ndani anazimitsapo gemu ili wani-ziro? Ndinati ndingoona pang'ono mmene chigawo chachiwiri chiyambire. A Bruno anandiyang'ana, nayang'ana rimoti.

Chigawo chachiwiri chinayamba moipa. Ovala zoyera anabwera ngati njuchi, ndipo posakhalitsa anabweza chigoli. Chimenecho panalibe wolakwa. Akuda ankangofunika kufanana mphamvu kuti apitirire, anatero a Bruno motsitsa mawu, manja atagwira mawondo. Ndinaiwala kuti ndili pantchito. Ndinaiwalanso kuti anthu ndikuwakalipirawo ambiri anagona kalekale.

Kutatsala pang'ono kuti oimbira amalize, mnyamata wina wa zoyera anaponya kampira kofooka kuchokera kutali. Kampira koti ngakhale mwana wa sitandade wani akadakagwira. Goloboyi wa akuda anawerama, manja ali tambasu, ndipo kampira kaja kanadutsa pakati pa miyendo yake n'kukagona muukonde.

Ndinadzuka pabedi.

"Aaa! Goloboyi wanji ameneyu!" ndinakuwa, ndipo tsoka lake ndinakuwa m'Chingerezi kuti mnzanga woonera naye amve. "Manja ngati dengu lobooka! Bambo Bruno, uyu wagulitsa gemu! Wadya ndalama uyu! Kwathu akadatuluka m'bwalo pagalimoto ya apolisi!"

Ndinatembenuka kuti tigwirizane, monga timachitira anthu a timu imodzi. A Bruno sanali kuyang'ana TV. Ankayang'ana manja awo. Pa TV kamera inayandikira nkhope ya goloboyi uja atagwada m'matope: mnyamata wamtali, mphuno yaitali, makutu otambalala. Ndinayang'ana makutu a pa TV, ndinayang'ana makutu a pampando. 

"Tuluka," anatero a Bruno.

"Bambo, ine sindimadziwa kuti..."

"Tuluka."

Ndinatuluka chammbuyo, rimoti idakali m'manja.

Sisita Zulu ndinawapeza akukankha kangolo ka mankhwala. Atamva, anaimitsa kangoloko n'kugwira m'chiuno.

"Mayo ine! Ba neba, mwachita chani? Uja goalkeeper ni beve bamene! Kwao banabanena ati banagulisa game, mpaka banatoba mawindo ya nyumba ya bamai bao. Ndiye chinabaleta kuno. Manje imwe mwakamba chani?"

"Ndangoti... wagulitsa gemu."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati mmene umayang'anira nkhuku imene yadziponya yokha m'madzi owira. Kenako anandiuza kuti banja ndi limene linapempha kuti filimuyo izizimitsidwa pakati, kuti bambo awo azikhala akadali opambana. Anawonjezera kuti lero ndi tsiku limene mwana wawo, mayi Elena, amabwera masana.

Kuyambira pamenepo wotchi ya pakhoma inasanduka mdani wanga. Chakudya chamasana chinapita kuchipinda kwa a Bruno n'kubwerera osachikhudza. Mankhwala anakana. Mnzanga wina wa ku Philippines atalowa kuti awanyengerere, anamuuza kuti atseke chitseko kunja. Sisita anati sangachitire mwina, ayenera kuuza abwana, chifukwa wokalamba akakana mankhwala sizibisidwa. Ndinayesa kupemphera kuti mutu wa agogowo uchite zake zija zoiwala (Mulungu andikhululukire, pempheroli ndinalipempheradi). Koma nditasuzumira pakhomo, anandiloza ndi chala chopindika chija. Tsiku limenelo mutu wawo unali wakuthwa kuposa wanga.

Pa nthawi yopuma mkazi wanga anaimba foni. Anati wapeza munthu wofuna kugula mipando yathu, agulitse?

"Tadikira kaye," ndinatero.

"Bwanji? Simunati mapepala ayenda mwezi uno? Mawu anu akumveka ngati mwadwala."

"Ndi chimfine."

Ndikadamuuza bwanji kuti ulendo wake waima chifukwa cha chigoli chimene chinalowa amayi ake asanabadwe? Ndinachita mantha enieni, a munthu amene akuona nyumba yake ikupsa ndi moto woyatsa yekha. Ndinachitanso manyazi, chifukwa nkhalamba ija sinandilakwire kanthu.

Mayi Elena anafika atavala suti, makiyi a galimoto ali m'manja. Analowa kwa bambo awo n'kutseka chitseko. Ine ndinapukuta tebulo limodzi la m'chipinda chochezera mpaka linayamba kuwala ngati galasi. Kenako abwana anaitanidwa. Kenako Sisita. Pomaliza Sisita anatulutsa mutu.

"Ba neba, bakufunani. Osakamba vambili."

Koma sindinalowe n'komwe. A Bruno ndi amene anatuluka, akukankha choyendera chawo chachitsulo, mwana wawo ndi abwana ali pambuyo. Mayi Elena anandiyang'ana kuyambira kunsapato.

"Ndinu amene mwauza bambo anga kuti anagulitsa masewero?"

"Mayi, ndikupepesa ndi mtima wonse. Sindimadziwa kuti..."

"Abwana anu ndawauza kuti ndilemba dandaulo."

"Sulemba kanthu," anadula a Bruno. "Moyo wanga wonse anthu andinena kumbali. Inu mumandizimitsira TV ngati sindidziwa mmene inathera. Ndinalipo ine! Uyu yekha wandinena pamaso. Ndiye ngati amadziwa kugwira mpira, aime pagolo. Akagwira, ndivomera kuti ndinali dengu lobooka. Akatero ulembe zimene ukufuna."

"Nanga akalephera?" anafunsa mwana wawo.

"Akalephera ndidya."

Analamula kuti mipando iwiri iikidwe motalikirana, ndipo wina abweretse mpira wofewa umene okalamba amachitira masewero olimbitsa thupi. Agogo ena amene ankawodzera m'chipinda chochezeramo anadzuka. Abwana anatsegula pakamwa kuti aletse, koma atayang'ana loya uja anatsekanso.

Ndinaima pakati pa mipando, thukuta lili kamukamu. Nkhani yake inali yosavuta ngakhale kwa chitsiru: ndikagwira, nkhalamba yanyozeka kachiwiri, dandaulo lilembedwa, mkazi wanga akhala ndi mipando yake. Ndikaulola kulowa, tonse tapulumuka. Sisita Zulu anali kumbuyo kwa abwana akundipangira zizindikiro ndi maso kuti ndiusiye. Ndinagwedeza mutu. Ndinali nditatsimikiza kuti ndiusiya.

A Bruno anagwira choyendera ndi manja onse. Anayang'ana kumanzere kwanga, nayang'ananso kumanzere komweko, nakoka mwendo.

Tsono apa ndi pamene sindidzimvetsa mpaka lero. Phazi lawo litangokhudza mpira, mutu wanga unachoka, munalowa mnyamata wa pabwalo la fumbi la ku Area 25 amene sanalolepo kugoletsedwa ndi munthu wamkulu. Viza ndinaiwala. Mkazi ndinaiwala. Ndinatambasula mwendo kumanzere ndi mphamvu zanga zonse kuti ndiutseke. Koma mpira sunapite kumanzere. Unabwera pakatikati, pang'onopang'ono, ndipo nsapato yanga itaterereka pa simenti yopolishidwa, ndinakhala pansi phii, miyendo uku ndi uku. Ndisanafike pansi mpira unali utadutsa kale pakati pa miyendo yanga, n'kukaima pa mapazi a agogo ena aakazi.

Chipinda chonse chinaphulika. Agogo aakazi aja anakweza mpira m'mwamba ngati chikho. A Bruno anaseka mpaka kutsokomola, misozi ikutsika, ndipo atapeza mpweya anafunsa ngati supu wa masana uja adakalipo.

Mayi Elena anabwera kudzandidzutsa ndi dzanja lawo. Maso awo anali ofiira.

"Zikomo," ananong'ona. "Ndaona zimene mwachita. Si aliyense angadzigwetse choncho chifukwa cha nkhalamba."

Abwana nawonso, madzulo ake, anandiitana n'kunena kuti kusamvera malangizo kusachitikenso, koma mtima umene ndaonetsa ndi umene amaufuna pamalopo. Sisita Zulu anandimenya paphewa n'kuti, "Ba neba, muli na nzelu! Kugwa kwamene kuja, monga ni vazoona!" Ine ndinangoti zikomo kwa onse, chiuno chikuwawa.

Ndikupita kokwera sitima, ndinadutsira kwa a Bruno kukatenga mbale. Anandikodola kuti ndiwerame.

"Enawa akuti wandichitira chifundo," anatero. "Ine ndaima pagolo zaka zambiri. Ndimadziwa munthu wodzigwetsa, ndimadziwanso munthu amene wayesetsa n'kulephera. Iwe unafuna kuugwira."

Ndinasuzumira pakhomo kuona ngati abwana ali pafupi.

"Usaope, sindiwauza. Koma tsopano wadziwa mmene umadutsira."

Dandaulo silinalembedwe. Mkazi wanga anagulitsa mipando ija, ndipo pano tikukhala limodzi ku Ellenbrook kuno ku Perth. Iye amadziwa nkhani ya mwamuna wake wachifundo amene anadzigwetsa dala, ndipo waifotokozapo kale kutchalitchi (akawerenga izi, ndikagona pa sofa).

Kuyambira tsiku limenelo a Bruno analamula kuti filimu yawo isazimitsidwenso pakati, ndipo woonera nawo ndikhale ine. Ndaphunzira kufunsa kaye amene ndakhala naye ndisanatsegule pakamwa. Kampira kaja kakamayandikira, iwo amasiya TV n'kutembenukira kwa ine, kudikira. Ine ndimaluma mlomo, manja ndapinda, nkhope ngati ya pamaliro, osatulutsa ngakhale liwu limodzi. Koma inu owerenga ndikuuzeni pansipansi: akadangotseka miyendo.