Mayi amene ndinawatuma kulondera msewu

Laisensi yanga ya uphunzitsi inachedwa ndi chaka chathunthu. Abale akandifunsa ndimangoti ndi za kumaofesi, iwo n'kugwedeza mutu, poti kumaofesi zinthu zimachedwadi. Koma ofesi inalibe mlandu.

Digiri ndinali nayo kale, ya sayansi, koma digiri yokha sikulowetsa munthu m'kalasi ya boma. Umayenera kuwonjezera maphunziro a kaphunzitsidwe, kenako kukayeserera pasukulu, aphunzitsi a kukoleji n'kubwera kudzakuonerera. Akakhutira, laisensi ndi yako. Ine ananditumiza kusekondale ina yoyendera, pakati pa minda ya fodya kupitirira Chamama. Ulendo woyamba anabwera bambo wina amene anandipatsa malikisi operewera (anati ndimakonda kucheza ndi bolodi kuposa ana), ndiye ulendo wachiwiri unali wotsiriza. Kulephera pamenepo kunali kubwereza chaka chamawa.

Tsikulo linagwa mu Febuluwale, nthawi yothyola ndi kusoka fodya. Amene anakhalako kumeneko akudziwa kuti nyengo imeneyi ana amaswera m'zigafa, ndipo amene wazembera kusukulu makolo amamulondola kudzamutenga. M'mawa umenewo mu Fomu 1 munali ana osakwana theka. Ndinaganiza mozama monga munthu wa digiri. Ndinapita ku Fomu 2, n'kubwerekako ana khumi ndi awiri amene anaphunzira kale za mmene zomera zimapangira chakudya, n'kuwakhazika m'mipata.

Mvula inali itagwa yambiri, choncho ahedi anakwera njinga kukachingamira galimoto ya alendo kudambo. Ine ndili mkati mokonza ana, pakhomo panaima mayi wina. Chitenje m'chiuno, mpango kumutu, patapata kuphazi, matope mpaka m'misongolo, jumbo m'manja.

"Odi, aphunzitsi."

Sindinawalole n'komwe kuti apitirize. "Mayi, lero ayi. Mwana wanu sapita kuchigafa. Kukubwera alendo ofunika ochokera kukoleji, fodyayo adikire."

"Oho," anatero iwo. "Afika nthawi yanji?"

"Nthawi ina iliyonse. Ndipotu mwachita bwino kubwera. Taimani pawindo apo, muziyang'ana kumsewu. Mukangoona galimoto yoyera mundiuze msanga."

"Chabwino, aphunzitsi."

Anakaimadi pawindo (mawindo athu analibe magalasi, mawu ankatuluka mwaufulu). Ine mtima unakhala pansi kuti mlonda ndapeza, n'kuyamba ntchito.

Ndinagawa mafunso ngati makuponi a fetereza, aliyense lake pamodzi ndi yankho lake. Ana obwereka ndinawapatsa mayina a amene anajomba, kuti ndikamaitana kaundula asasowe woyankha. Kenako ndinaona kuti kalasi yokhoza zonse ingakayikitse, ndiye ndinasankha mtsikana wina wa Fomu 1, Tadala, kuti akhale wolakwa dala.

"Ndikakufunsa iwe, unene kuti zomera zimadya dothi. Ine ndidzakuwongola mofatsa, alendo aone kuti ndine woleza mtima."

"Koma Sala, yankho lake ndikulidziwa."

"Lero sukulidziwa."

Tinayesereranso kuseka. Ndinali nditakonza nthabwala imodzi yoti ndiinene pakati pa phunziro, ndipo ana anaiseka katatu mpaka chiseko chinamveka ngati chenicheni.

"Mayi, galimoto?"

"Sinaoneke, aphunzitsi." Kenako anafunsa, "Nanga ana obwerekawa, kwawo ku Fomu 2 akuphonya phunziro lanji?"

"Izi ndi za sukulu, mayi, zingakuzunguzeni mutu. Inu maso kumsewu."

Pasanapite nthawi ahedi anatulukira akukankha njinga, thukuta kamukamu. Anayamba kufuula akadali patali kuti galimoto yatitimira padambo, ndipo dalaivala akuti amadamu anatsika n'kudzera njira yachidule ya m'minda. Atafika pawindo anaima, n'kuvula chipewa.

"Amadamu, kodi mwafika kale?"

"Kalekale," anatero mlonda wanga. "Anandipatsa ntchito."

Anatsegula jumbo ija. Munatuluka nsapato zakuda, magalasi a m'maso ndi fayilo imene pamwamba pake panali dzina langa. Sindinathawe, ngakhale miyendo inapereka maganizo amenewo. Anasamba m'mapazi pamjigo, anavula chitenje, n'kulowa kukakhala pabenchi ya kumbuyo.

"A Fomu 2 abwerere m'kalasi mwawo," anatero osakweza mawu. "Tadala, iwe uyankhe zimene ukudziwa. Yambani, aphunzitsi."

Ndinayamba. Mafunso amene eni ake anali atapita ku Fomu 2 anasowa woyankha, chifukwa otsalawo aliyense ankasunga yankho lake kudikira funso lake. Nditafunsa za kuwala kwa dzuwa, mnyamata wina anandikumbutsa mwaulemu kuti limenelo linali la Chikondi, ndipo Chikondi wabwerera. Nditayandikira malo a nthabwala, ana anaseka ndisanainene. Tadala yekha ndi amene anayankha zomveka, bwinobwino kuposa mmene ndinalembera m'kope langa, ndipo ine, poti pakamwa panali patazolowera, ndinayamba kumuwongola mofatsa. Mphindi makumi anayi zinatha choncho.

Mu ofesi ya ahedi amadamu sanakalipe. Ndinayesa kupepesa za kuwatuma kuja, iwo anangokupiza dzanja.

"Zimenezo zisiyeni. Kwathu ifenso timalima fodya, ndipo mayi anga ankabweradi kudzanditenga kusukulu. Mukanakhala mphunzitsi wanga mukanawaimika pawindo." Analemba kanthu m'fayilo. "Chimene chandiwawa ndi mtsikana uja. Wasiya ntchito kunyumba kuti adzaphunzire, inu n'kumuuza kuti adzipusitse."

Pamenepo ndinachita manyazi enieni, oposa a pawindo aja. Anasayina, nandiuza kuti tidzaonana chaka chamawa. Tinaonanadi, kusukulu ina cha ku Chulu, m'kalasi ya ana ochepa amene onse anali ndi mayina awoawo, ndipo ndinakhoza.

Koma tsiku lija, akumanganso chitenje kuti abwerere kudambo, anatembenuka pakhomo.

"Kuphunzitsa mumatha, bambo. Ndaonerera theka la ola, mwana aliyense anamva, palibe anatsalira. Kungoti munkawaphunzitsa bodza."

Chaka chonsecho palibe wina anandiyamikirapo chilichonse. Ndiye ndiulule, ngakhale n'zochititsa manyazi, kuti mbali yoyamba ya mawuwo ndinapita nayo kunyumba ndikumwetulira.