Chijeremani cha Mayi Helga

Lolemba
Imelo yafika. Intavyu Lachisanu, pa foni, kampani ya ku Germany! Digiri ija igwire ntchito yake tsopano, ndatopa kukankha tirole ya tiyi m'nyumba ya okalamba ku Beaumont Leys. Vuto ndi limodzi: pa CV ndinalemba kuti Chijeremani ndimayankhula bwino. Sindidziwa ndi moni yemwe.
Pulani:
- mawu makumi asanu patsiku
- mphunzitsi: Mayi Helga a m'chipinda 9, anabadwira ku Germany komweko
- pofika Lachinayi ndizilota m'Chijeremani

Lachiwiri
Bureki ndi mphindi khumi ndi zisanu. Ndalowa ndi kope, koma munthu wamkulu sungangomufikira ndi mafunso. Moni kaye. Miyendo yadzuka bwanji? Za miyendo zadya mphindi khumi ndi zinayi. Potuluka ndawauza za intavyu. Akweza nsidze: "Tatsächlich?"
Zokolola za lero: liwu limodzi.

Lachitatu
Foni ikuti tanthauzo lake ndi "zoonadi". Chabwino. Koma lero alinena katatu: podabwa kuti kwathu sikugwa sinowo, potsimikiza kuti tiyi wazizira, komanso potsutsa nesi amene amati amwa kale mapiritsi. Ndi funso kodi? Yankho? Kukalipa? Ndawafunsa. Ayamba nkhani ya malemu amuna awo, m'Chingerezi. Kuwadula pakamwa sindingathe, amayi anga angamve ali ku Zomba komweko.

Lachinayi
Ndagwada pambali pa mpando wawo kupempha ziganizo zitatu zokha. Akuti chibadwire palibe anawagwadirapo, ndiye akufuna adziwe kuti kwathu timalonjerana bwanji. Bureki ikutha, "ndili bwino, kaya inu" akumutchula osaphonya. Ine ndikadali pa liwu lomwe lija. Wophunzira ndani pano?

Lachisanu
Intavyu, ndili m'chipinda chochapira, makina ndazimitsa. Mayi wa kampani wayankhula nthawi yaitali. Ine: "Tatsächlich?" Waseka, wapitiriza. Zikuyenda! Kachiwiri ndalinena motsimikiza, ndi mutu womwe. Kachitatu, sanasekenso. Kenako, m'Chingerezi, pang'onopang'ono: "Ndakufunsani dzina lanu lonse."

Loweruka
Imelo yawo, yonse m'Chijeremani. Pakati penipeni ndaona liwu langa, ndati basi, andilemba. Foni yamasulira: akufuna munthu amene amayankhuladi chinenerocho. Kani limagwiranso ntchito pokana munthu? Ntchito yake yachinayi imeneyo. Kapena ndi imodzi yomweyo, sindikudziwanso.

Lamulungu
Mzere wa Chijeremani uja ndaufufuta pa CV. Yatsala yaifupi, tsamba silikudzaza. Yunifomu ndasita, mawa shifiti ya m'mawa. Manijala watumiza meseji: Mayi Helga auza anzawo a m'chipinda 10 ndi 11, onse akufuna kuphunzira moni wa Chichewa, pa bureki yanga. Ndalemba "ayi", ndaliyang'ana nthawi ndithu. Akuluakulu atatu.
Ndatumiza "chabwino".