Che Asani Ali Bwino

Lolemba

Kalata yafika. Mkulu wa chipatala chathu aiwerenga pamsonkhano wa m'mawa, kawiri, ngati ife ndife ogontha. Lachisanu kukubwera anthu a boma kudzaunika pulogalamu yosamalira odwala m'makomo. Ndiye kuti kudzaunika ine, poti namwino woyenda m'makomo kuno ku Chileka ndine ndekha, ine ndi njinga yamoto yakufa hutala ija.

Nkhani yake ili chonchi. Njinga ndi imodzi, madera ndi ambiri. Kumene adzapeze kuti odwala akuvutikabe, njinga izipitabe. Kumene adzapeze kuti zinthu zili bwino, adzati ntchito yatha, njinga ipite kwina. Mbali ya ku Lirangwe asankha makomo atatu oti adzaone. Limodzi ndi la Che Asani.

Che Asani ankanyamula katundu wa anthu ku bwalo la ndege mpaka sitiroko inawapha mbali imodzi. Kugonera malo amodzi kunawabweretsera chilonda m'chiuno, chachikulu ngati chikhatho changa. Ndimachitsuka katatu pa sabata. Iwo sangakwere minibasi, ine popanda njinga sindingafikeko katatu. Lirangwe akaichotsa pa mndandanda, chilonda chimenechi chidya munthu.

Ndondomeko yanga:
1. Aliyense anene zoona.
2. Pasapezeke wosesa, wozira kapena wobwereka mipando.
3. Chilondacho alendo achione ndi maso awo.
4. Ine ndisakalipe.

Yophweka ntchito yake. Ndikungopempha anthu kuti akhale mmene amakhalira masiku onse. Chovuta n'chiyani pamenepa?

Lachiwiri

Lirangwe. Fumbi mpaka m'mano. Che Asani ali pa mkeka wawo wa masiku onse. Chilonda chikutulukabe madzi, koma m'mphepete mwayamba kuoneka nyama yabwino. Ndatsuka, ndamanga. Bambo amenewa ananditengera miyezi iwiri kuti alole ndiwaone m'chiuno, chonsecho ndine mwamuna mnzawo.

Ndikuuza akazi awo, Abiti Juma, kuti Lachisanu asakonze kalikonse. Nsanza zikhale pomwe zimakhala, ndowa yodzithandiziramo ikhale pomwe imakhala. Akundiyang'ana ngati ndawatukwana. "Adokotala, alendo a boma adzapeze ndowa pakhomo? Mukufuna Lirangwe yonse izindiimba nyimbo?" Amanditcha adokotala. Ndinatopa nako kuwakonza.

Kenako mayeso. Ine ndikukhala ngati mlendo, ndikufunsa kuti muli bwanji bambo.

"Ndili bwino, kaya inu?"

Tibwereze.

"Alihamudulillahi, ndili bwino."

Ndikuwafotokozera pang'onopang'ono: nenani kuti tulo simuliona, chilonda chimawotcha, mwendo sutheka. Akuvomera ndi mutu, amva zonse. Muli bwanji bambo?

"Bwino ndithu. Nanga ana kunyumba?"

Kasanu ndi kawiri! Pomaliza tafika pa "ndili bwino pang'ono". Ameneyo pang'ono ndamumenyera nkhondo, ndipo ndikumusunga.

Mfundo yachinayi sinathe n'tsiku lomwe. Ndakalipa.

Lachitatu

Pa makomo atatu patsala limodzi.

Mayi a matenda a shuga aja, ana awo awatengera ku Ndirande dzulo. Akuti sangalole kuti boma lione amayi awo ali owonda, anthu angati sawadyetsa.

Bambo a khomo lachiwiri amva kuti kukubwera akuluakulu, adzuka, asamba, apita kumsika kukagulitsa tomato. Chaka chathunthu ndikuwanyengerera kuti aziyendako pang'ono, amati miyendo yakana. Lero miyendo yavomera! Ndawapeza atakhala pa benchi akupuma ngati munthu wothamangitsidwa ndi galu, koma akuti sabwerera kukagona mpaka alendo atapita. "Sindifuna andipeze pa mphasa ngati waulesi."

Ndiye zonse zagwera Che Asani. Ndadutsirako masana kuti ndiwalimbitse mtima. Zomwe ndapeza:
- amayi anayi akuzira khonde
- mipando yapulasitiki isanu ndi umodzi, yochokera kumzikiti
- katani pawindo lopanda galasi
- tambala womangidwa mwendo, amene akuoneka kuti akudziwa za Lachisanu kuposa ine
- matiresi!

Matiresi! Makalata atatu ndalembera ku ofesi kupempha matiresi a munthu ameneyu, yankho ziii. Lero afika pa njinga yakapalasa, abwereka kwa mlonda wina wa ku bwalo la ndege. Abwezedwa Loweruka.

Abiti Juma akuti, "Sitikukonza ayi, adokotala. Tikungochotsa manyazi."

Ndalamula kuti mipando ibwerere kumzikiti, katani atsike, matiresi agonerepo masiku awiriwa koma Lachisanu m'mawa awabise. Amayi anayi aja aseka mpaka mmodzi wakhala pansi m'dothi lake lomwe. Palibe chabwerera.

Sindikugonja. Ndikadali ndi masiku awiri.

Lachinayi

Ndaiona fomu ya alendo pa desiki la mkulu wathu, ndaikopera papepala. Ili ndi tinkhope tisanu. Koyamba kakulira, komaliza kakuseka mano onse pamtunda. Wodwala aziloza kamene kakufanana ndi mmene akumvera.

Ndatengera pepalalo kwa Che Asani. Aloza koseka. Ndafunsa chifukwa. "Kolirako kakufanana ndi mlamu wanga wa ku Lunzu, sindingakaloze." Ndati chabwino, lozani kachiwiri, kokwinya pang'onoko. Chala chayenda, chayenda, chakafikanso pa koseka. Dzanja limodzi lokha ndi limene likugwira ntchito pa munthu ameneyu, ndipo nalonso likulimbana nane.

Ndakalipanso. Ndati bambo, mukufuna ndisiye kubwera? Mukufuna chilondachi chifike pa fupa?

Ayankha ndi pakamwa pawo popotoka paja: "Adokotala, ine ndagwira ntchito kwa mabwana zaka zambiri. Bwana akafunsa kasitomala kuti wakuthandizani bwanji uyu, kasitomala n'kudandaula, mawa lake munthu alibe ntchito. Inu mumandipukuta pamene mwana wanga sangapukute. Ndikakunenereni kwa mabwana anu, ine?"

Ndapsa mtima, komanso ndamva chisoni. Munthu akuziika pa ngozi kuti anditeteze ine, ine amene palibe akufuna kundichotsa. Ndafotokoza katatu kuti sakudzaunika nkhope yanga, akudzaunika ngati thandizo likufunikabe. Akuti amva. Mmene akunenera kuti amva ndi mmene ananenera Lachiwiri.

Ndondomeko yatsopano:
1. Alankhule zimene akufuna.
2. Ine ndimasula bandeji pamaso pa alendo. Aliyense wochiona chilonda chimenechi sadzafunanso tinkhope.

Ndawapempha, avomera. "Ngati ndi madokotala anzanu, aone." Mtima wakhala pansi. Mawa tipambana.

Lachisanu

Alendo anati afika naini koloko. Afika itadutsa wani, nthawi yomwe anthu akutuluka mumzikiti. Ndiye mzikiti wonse wabwera nawo, kudzathandiza kulandira.

Ine ndakwera nawo galimoto kuchokera ku Chileka, choncho sindinaone zimene zachitika m'mawa. Tikutsika. Pakhonde pali munthu wovala mkanjo woyera mbee, kachisoti kopeta, ndevu zometedwa bwino, wakhala njoo pampando ngati mwini sitolo. Mafuta onunkhira akumveka kuyambira kumsewu. Ndatsala pang'ono kufunsa kuti Che Asani ali kuti.

Munthu amene sanakhalepo tsonga chichokereni mvula! Ndayandikira kukawapatsa moni, ndaona chinsinsi chake. Awamangirira kumpando ndi chitenje, mkati mwa mkanjo. Mfundo yake ili kumbuyo, ndipo kumbuyoko kwaima Abiti Juma kuti pasapezeke wodutsako.

Ndipo mtsogoleri wa alendo ndi mayi. Mayi wa magalasi, waulemu, wa fayilo yaikulu. Kalata ija sinanene zimenezi. Ine sindinafunse. Chitsiru ndine!

Muli bwanji bambo? "Ndili bwino kwambiri, mayi." Kwambiri! Pang'ono wanga uja wapita.

Tinkhope: koseka.

Namwino amabwera mokwanira? "Amabwera mpaka timatopa naye."

Chimene mukusowa? "Palibe, mayi. Boma latiganizira." Mzikiti wonse ukuvomereza ndi mitu.

Ndikutsokomola. Ndikutsokomolanso. Abiti Juma andibweretsera madzi.

Ndaimirira, ndati mayi, pali chilonda, ndikupempha muchione. Che Asani andiyang'ana ngati ndawagulitsa. M'chiuno, pamaso pa mkazi wa eni ake, tsiku la Lachisanu, anzawo a kumzikiti ali pomwepo! "Kachilonda kake n'kakang'ono, mayi. Adokotalawa anakathetsa." Ndati tilowe nawo m'nyumba, ndati ndiwafotokozere kukula kwake, ndatulutsa kabuku kanga kolembamo miyezo. Mayi uja wandiimitsa mwaulemu. Akuti wodwala sakakamizidwa, ndipo kulemekeza wodwala ndi chimodzi mwa zimene akuunika. Wachonga m'kabokosi. Kabuku kanga wakayamikira kuti ndimalemba mwaukhondo.

Walowa m'nyumba yekha. Waona matiresi, waona katani. Ndowa sanaione. Wachonganso.

Tambala uja tamudya ndi mpunga. Anali wokoma, ndipo zimenezi zandikwiyitsanso.

Galimoto itangokhota, ndamasula chitenje. Che Asani agwera m'manja mwanga, thukuta thupi lonse, milomo ikunjenjemera. Maola atatu atakhalira chilonda. Mkanjo woyera uja kumbuyo kwake sikuoneka bwino. Nyama yatsopano ya masabata asanu yang'ambika yonse. Ndatsalira kuti nditsuke, ndabwerera pa minibasi. Potsuka sindinawalankhule, ndimaopa zimene zikanatuluka pakamwa panga.

Loweruka

Mkulu wathu andiimbira foni m'mawa, mawu ali mwaa. Mayi wa magalasi wawauza kuti lipoti lidzatuluka mochedwa, koma zoona zake n'zakuti Lirangwe yamusangalatsa kuposa kulikonse. Wodwala mmodzi ali kwa ana ake, wina wayambanso bizinesi, wachitatu akukhala yekha pampando ndipo sakusowa kanthu. Anthu ake ndi ogwirizana, atha kuima paokha. Kuyambira mwezi wamawa njinga izipita dera lina.

Ine akuti andipatsa satifiketi.

Ndati bwana, munthu uja anali womangirira. Akuti zimenezo ndikanazinena dzulo. Ndati ndinanena za chilonda! Akuti pa fomu palibe kabokosi ka zimene namwino wanena.

Ndalemba kalata yodandaula, masamba awiri. Ndaing'amba chifukwa munali mawu oti angandichotsedi ntchito. Ndalemba ina ya tsamba limodzi. Lolemba ndikaipereka ndekha ku Blantyre, ndipo sindikachoka pa benchi mpaka wina aidinde. Kumene ikagone pambuyo pake ndikukudziwa, ndi komwe kukugona makalata a matiresi.

Mkazi wanga akuti ndisiye kuyenda uku ndi uku m'nyumba, ndikuwopseza nkhuku.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Minibasi mpaka Lirangwe, kenako wapansi.

Mipando yabwerera kumzikiti. Katani watsika. Matiresi apita kwa mwini wake dzulo, monga anapanganira. Che Asani ali pa mkeka, ndowa ili pakhomo, nsanza zili pachingwe. Nyumba ili ndendende mmene ndinkafunira kuti ikhale Lachisanu.

Ndaitana Abiti Juma kuti akhale pafupi. Chilondachi amachiopa, nthawi zonse ndikamamasula amatulukira panja. Lero ndawakaniza. Ndawaphunzitsa:
- kuwiritsa madzi ndi kuthiramo mchere pang'ono
- kupukuta kuchokera mkati kupita kunja, osabwereza thonje
- kuwatembenuza nthawi iliyonse ya swala, mapemphero awo aja, ndi pakati pake, poti wotchi mulibe m'nyumbamo
- fungo likasintha, kundiimbira, osadikira kuti kuche bwino

Agwira thonje, apukuta okha. Afunsa kuti bwanji ndikuwaphunzitsa lero. Ndati n'kwabwino kudziwa. Koma amayi amenewa azindikira kuti njinga yapita.

Katatu pa sabata sizithekanso. Lamulungu lokha ndi langa, ndiye ndizibwera Lamulungu. Kamodzi sikakwana, ndikudziwa, ndine namwino. Koma ndi kamene ndili nako.

Ndikulongedza chikwama, Che Asani andigwira buluku ndi dzanja lawo labwino lija.

"Adokotala, mabwana aja anena chiyani? Takhoza?"

Ndati takhoza, bambo. Takhoza kuposa onse.

Aseka ndi theka la nkhope limene limaseka. "Mwaona? Ntchito yanu ndaipulumutsa."