Mzere Wadutsa Pakati pa Bedi Lathu

Kwa Bwana Wamkulu Oyang'anira Malire a Zigawo,

Bwana, ndagwada. Ndine Bizwell, mlimi wa mtedza kufupi ndi Nsaru, ndipo ndikulemba mtima ukudumphadumpha ndi chimwemwe.

Choyamba, zikomo potiuza komwe timakhala. Mbuli ife tinkangoti kudambo, kuchigayo, kumanda, n'kumafika ndithu. Koma anyamata anu anabwera ndi makina, n'kulemba mzere wolekanitsa Chigawo cha Kumpoto ndi cha Kumadzulo m'boma lathu lino. Mzerewo wadutsa pakati penipeni pa bedi lathu! Ine ndimagona Kumadzulo, mkazi wanga Evelyn Kumpoto. Ndikangotembenuka, ndafika chigawo china osakwera minibasi.

Chachiwiri, chikwangwani chosonyeza malire chija. Galimoto yanu inabwera kudzachizika, inabweranso ndi penti chifukwa pa mawu a Chingerezi dzina la chigawo linayamba ndi kachilembo kakang'ono. Azimayi anaimba nthungululu. Chilembocho tsopano chanenepa kuposa mbuzi zathu zonse, ndipo tadziwa kuti msewu wathu galimoto imadutsa bwinobwino.

Ambulansi zokha ndi zomwe sizinamve. Ya Kumpoto imati ndife a Kumadzulo, ya Kumadzulo imati ndife a Kumpoto. Mlamu wanga Hana atayamba matenda tinaimbira zonse ziwiri, ndipo zonse zinatifunira zabwino. Anachirira m'ngolo ya a Mahamudu a golosale, pansi pa chikwangwani chanu. Mthunzi wake ndi wabwino zedi, bwana, mudalitsike. Mwanayo tamutcha Malire.

Tsopano Evelyn naye ndi woyembekezera, mwezi wake ndi uno. Anamwino akuti asayerekeze kuchirira kunyumba, poti mwana wakhala chopingasa. Wayamba kale kugona zigawo ziwiri, mwana wa bambo wake! Ndimaseka, koma ndisakunamizeni, ndili ndi mantha.

Sindikupempha ambulansi ayi, ndine yani ine? Ndingopempha mutiuze mbali yokankhira bedi, kuti tsikulo likafika mayiyu adzabuulire m'chigawo choyenera. Zikavuta, musadzipweteke mutu. Dzulo ndakanda chilembo chachikulu chija ndi khasu, n'kulembapo kakang'ono ndi khala. Galimoto ya penti ikamabwera kudzakonza, dalaivala asiyeko malo kumbuyo. Evelyn adzakhala pa zitini.

Ndine kapolo wanu wogona m'malire,
Bizwell wa Kumadzulo, mwamuna wa Evelyn wa Kumpoto