Tsiku Limene Ndinapha Abambo ndi Lubani

Loweruka, 12 Ogasiti 1989

Lero ndinadzuka mtima uli mbee, ndikudziwa kuti moyo wanga usintha. Wasinthadi. Pano Lungwena yense wandidziwa dzina, ndipo amayi sanandiyankhule chiyambire masana.

Gwero lake ndi buku limene mnzanga Esinati anandibwereka potsekera sukulu. Chikuto chake chinatayika kalekale, ndipo masamba ena anathotholedwa ndi aphunzitsi oyang'anira kogona atsikana (Esinati akuti ndi pamene anthuwo amapsompsonana, koma nayenso sanaonepo). Nkhani yake ndi ya mtsikana wosauka, mwana wa wantchito wolima maluwa, amene anakondedwa ndi mwana wa mwini esiteti. Chimene ndinatolamo n'chakuti mnyamatayo anayamba kumucheukira chifukwa cha fungo. Mtsikanayo akadutsa, pankatsala kafungo ka maluwa. Komanso sankalongolola. Akafunsidwa kanthu ankangoyang'ana pansi.

Ine abambo anga salima maluwa. Amapha usipa usiku ndi nyali, amayi n'kumauyanika pathandala kuseri kwa nyumba. Ndikadutsa ine, amacheuka ndi amphaka.

Mwana wa mwini esiteti kuno kulibe, koma kuli Lameki, mwana wa adokotala a pachipatala, ochokera ku Dedza. Nyumba yawo ndi yamalata, ili ndi firiji ya parafini, ndipo iye amaphunzira ku Zomba. Loweruka lililonse amaperekeza amayi ake kumsika akukankha njinga. Sitinayankhulanepo, koma a m'bukumu nawonso anachedwa kuyamba.

Sopo ndinayesa, osathandiza. Ndiye ndinakumbukira kafungo kokoma kamene kanachokera kwa Abiti Yusufu, oyandikana nafe nyumba, nditangofika kumene patchuthi. Ndinapempha mwana wawo Asiyatu ndipo anandipatsa timibulu ta lubani.

"Wa chiyani?" anandifunsa.

"Za kusukulu," ndinatero.

(Ife tinachokera ku Nkhudzi, ndipo kumpingo kwathu safukiza kanthu. Komabe ndikanaganiza pang'ono ndikanakumbukira kuti tsiku lijalo kwa Abiti kunali sadaka ya malemu amuna awo.)

Amayi atapita kudoko kukadikira bwato, ndinapala makala m'phale, n'kuthirapo lubani yense, n'kuvindikira ndi dengu, pamwamba pake n'kuyalapo diresi langa labuluu. Kenako ndinaona kuti tsitsi nalonso likufunika, ndiye ndinaweramira pomwepo nditadzifunditsa chitenje. Potuluka m'menemo maso anali psuu, misozi ili chuchuchu, mawu atasasa.

Pachipata cha msika pamaima anyamata a malaya ofiira ofunsa khadi la chipani, ndipo sakhululukira munthu. Lero wamkulu wawo anangonunkhiza, n'kundiyang'ana m'maso, n'kupatuka.

"Dutsani, achemwali. Pepani."

Mumtima ndinati: lubani wayamba kugwira ntchito.

Lameki ndi amayi ake ndinawapeza pa anyezi. Ndinaima mbali yochokera mphepo, ndikutembenuza anyezi amene ndinalibe naye cholinga. Wogulitsa, mayi wachikulire amene amatidziwa, anaimitsa mutu.

"Si mwana wa Che Gilibati uyu? Iwe, kwagwanji kwanu?"

Lameki anacheuka. Koyamba chibadwire! Ndinachita monga bukulo limanenera, ndinayang'ana pansi.

"Ndi amayi ako?"

Ndinapukusa mutu.

"Nanga abambo ako abwerako kunyanja?"

Pano ndiyenera kudziteteza pang'ono, chifukwa bodza sindinanene. Pochoka pakhomo anali asanabwereko. Ndiye ndinanong'ona kuti, "Ayi." Msozi wa utsi uja unasankha nthawi yomweyo kugwera pa anyezi. Ndipo aliyense pamsikapo ankadziwa mmene mwera unaombera usiku.

"Innalillahi!" mayi wa anyezi anamenya m'manja. "Nyanja iyi!"

Amayi a Lameki anandigwira paphewa. "Mwana wanga, ndiye akutuma kumsika wekha? Lameki, mukweze mnzakoyu panjinga."

"Pepani kwambiri," anatero Lameki, akupukuta kaliyala ndi mpango wake. "Khalani bwinobwino."

Apa ndiye ndikanayankhula. Ndikudziwa. Pakamwa ndinatsekula ndithu, koma ndinaona mpango uja, ndinaona kaliyala, n'kudziuza kuti ndifotokoza panjira tikakhala awiri. Awiri sitinakhalepo. Amayi a Lameki ndi apampando a amayi a chipani, ndipo iwo akaitana, munthu sanena kuti ndaphika. Lameki ankakankha njinga pang'onopang'ono, ine ndili pakaliyala ngati mkwatibwi, kumbuyo kwathu mzere ukukulirakulira: wina mtolo wa nkhuni, wina mbale ya ufa, wina wayamba kale nyimbo. Pokhota pamzikiti ndinati, "Lameki, pali nkhani." Iye anati, "Musavutike kuyankhula. Limbani mtima."

Tsoka lake, abambo anali atabwerako. Akachezera panyanja amagona pamphasa pansi pa mtengo wa mango, atafunda nsalu yoyera kuyambira kumapazi mpaka kumutu chifukwa cha ntchentche. Kwa ife zimenezi n'zatsiku ndi tsiku. Kwa alendo aja sizinali choncho.

"Awapeza!" anafuula wina, ndipo onse anagwada n'kuyamba kubuma.

Amayi anatulukira kuseri atanyamula lichero la usipa. "Kwagwanji?"

Nsalu ija inagwedezeka. Abambo anadzuka n'kukhala tsonga, akutikita m'maso. "Wamwalira ndani?"

Mayi wa anyezi anathawa n'kusiya patapata mmodzi. Ufa unatayika. Apampando anangokhala pansi pomwepo, atagwira pamtima. Ine ndinali ndikadali pakaliyala, chifukwa palibe amene anandiuza kuti nditsike.

Abambo anayang'ana nkhuni, anayang'ana ufa, kenako anakoka mpweya n'kuyang'ana ine. Asiyatu anasuzumira pampanda.

"Lubani uja anati ndi wa za kusukulu!"

"Unkafukiza chiyani?" amayi anafunsa anthu onse akumva.

Kuyang'ana pansi ndinayesa, koma kwa amayi sikugwira ntchito.

"Ndikufunsa iwe."

"Diresi, amayi. Kuti lichoke fungo."

"Fungo la chiyani?"

"La usipa."

Amayi sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anayang'ana lichero limene linali m'manja mwawo, n'kutembenuka, n'kubwerera nalo kuthandala.

Abambo ndi amene anapulumutsa zinthu. Anaseka mpaka kutsokomola. "Amayi inu, zikomo pondilira bwino chonchi. Sindinkadziwa kuti ndimakondedwa. Nkhunizo siyani, tsiku lina ndifa ndithu." Anthu anaseka, ena mokwiya, n'kuyamba kubalalika. Apampando anasansa chitenje chawo n'kundiuza kuti, "Mwanawe, sukulu imeneyo uziphunzira yeniyeni."

Lameki anadikira kuti nditsike. "Inetu ndimakudziwani," anatero. "Usipa timagula wa amayi anu. Ndi wokhawo wopanda mchenga." Anakwera njinga, ndipo atafika pamzikiti ndinamumva akuseka.

Ndiye kuti za usipa ankadziwa kale. Maso ndawotcha pachabe.

Madzulo ano abambo agamula kuti ufa wotsala ndi nkhuni ndibweze ndekha khomo ndi khomo, ndipo paliponse ndikagwade ndi kupepesa. Amayi anandiikira chakudya osandiyang'ana. Chimenechi ndiye chikundiwawa kuposa kuseka kwa mudzi wonse.

Mawa ndidzuka amayi asanadzuke, ndikayale usipa pathandala osadikira kutumidwa, nditavala diresi labuluu lomwelo. Akapanda kundiyankhula ndipitanso mkuja. Mawa lomwelo tikaweruka kutchalitchi ndiyamba kubweza ufa, kuyambira kwa mayi wa anyezi, nditatenga ndi patapata wawo. Kwa adokotala ndikafika komaliza, cha kumadzulo, nthawi imene Lameki amatsuka njinga pakhonde. Sindifukiza kanthu. Tsitsi lokha ndilipesa.