Wa Nambala 41 Akuthokoza a Nduna

Kwa Olemekezeka a Nduna Oona za Ana ndi Mabanja,
Likulu la Chigawo.

Olemekezeka,

Pepani pokusokonezani, ine munthu wamba woyendetsa basi ya ana asukulu. Dzina langa ndine Loretta Penner, koma ku ofesi kwanu amandidziwa kuti nambala 41. Ndine mayi wake wa Elsie, mtsikana wa zaka zisanu amene salankhula. Akafuna mkaka amandikoka dzanja mpaka pa firiji, ndipo belu likalira amamenyetsa mutu pansi. Ali ndi zaka ziwiri ndi theka, adokotala athu analemba kalata yoti akatswiri anu amuyeze, chifukwa popanda pepala lawo palibe womuphunzitsa kulankhula, palibenso womuthandiza m'kalasi. Ndiye ndati ndithokoze, mungamaganize kuti kuno kuminda ya tirigu sitiona zabwino zomwe mumatichitira.

Choyamba, zikomo chifukwa cha mzere wodikirira. Tinalowa tili a nambala 380, ndipo patangopita zaka zitatu ndi miyezi isanu tafika kale pa 41. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tadekha, a Nduna, kungoti nkhono yanu sinatulutsebe ngakhale mutu.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha kalata imene mumatitumizira kawiri pachaka, yofunsa ngati mwana wathu akufunikabe thandizo, kuopa kuti mwina anayamba kulankhula ife n'kuiwala kukudziwitsani. Mumati tikapanda kuyankha m'masiku khumi ndi anayi mutichotsa. Inu mumatipatsa masabata awiri, ife takupatsani zaka zitatu ndipo sitinakuchotseni. Mnzanga Corinne kalata yake inafika chipale chofewa chitatseka msewu wa kufamu kwawo, ndipo anakaitenga ku positi tsiku lomaliza kuyankha litadutsa. Mwana wake anachotsedwa, ife tinasendera kutsogolo ndi nambala imodzi. Ndinasangalala, a Nduna, ndipo mpaka lero ndikakumana naye kusitolo ndimayang'ana pansi. Maphunziro oterewa sindikanawapeza kwina kulikonse.

Chachitatu, kabuku kokongola kaja munatipatsa, konena kuti zaka zisanu zoyambirira ndizo zofunika kwambiri pa ubongo wa mwana, choncho makolo tisamachedwe kufuna thandizo. Elsie anakakonda kwambiri moti anatafuna chikuto chake. Ndilo thandizo lokhalo lochokera kwa inu limene lamufika.

Koma chandilembetsa kalatayi ndi cha Lachiwiri lapitali. Ndinaimba foni ku ofesi kwanu, ndinamvera nyimbo yanu yodikirira ija kwa ola lathunthu, kenako panabwera mayi wa mawu otopa. Anati, "Pepani mayi, mzere uno ndi wa ana osakwana zaka zisanu ndi chimodzi. Akangokwanitsa, kompyuta imamuchotsa yokha, mukayambirenso ku mzere wa ana asukulu." Nditafunsa kuti kumeneko tikakhala a nambala chani, anati, "Aaa, kumeneko ndiye musandifunse, ndingakunamizeni." Mayi ameneyu musamudzudzule. Ndi munthu woyamba ku ofesi kwanu kukana kutinamiza.

Tsopano ndamvetsa zomwe munanena pa wailesi, kuti palibe mwana wamng'ono amene amadikira zaka zoposa zinayi. N'zoona ndithu, amakhala atakula. Ndamvetsanso momwe tinachokera pa 380 kufika pa 41, ndipo ndinali wopusa kuganiza kuti ana onsewo anayezedwa. Mwamuna wanga Vern, munthu wa mawu ochepa, atamva anangoti, "Ndiye kuti mwanayu walakwa kukula?"

Aphunzitsi aakulu anatiuza kale, mwaulemu ngati wanu, kuti popanda pepala lija Elsie azidzabwera kusukulu ola limodzi patsiku basi. Choncho mu Seputembala ndidzanyamula ana makumi anayi a anthu ena m'mawa uliwonse, wanga ndikumusiya akuyang'ana pawindo. Izi zimandipweteka, ndipo sindikubisa.

Elsie akwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi pa 19 mwezi wamawa. Sindikupempha kuti mumudumphitse mzere, chifukwa patsogolo pathu pali ana makumi anayi omwe amayi awo akuwerenga masiku ngati ine. Sindikupemphanso akatswiri ena, ndikudziwa kuti zimenezo mukadali kuzilingalira mozama. Pempho langa ndi laling'ono, ndipo likugwirizana ndi luso la ofesi yanu. Chonde lembani kalata, mudinde chidindo chanu, yolamula kuti tsiku lobadwa la mwana wanga liyambe ladikira kaye. Ife keke tiisunga mu firiji. Mwakwanitsa kuimitsa moyo wake kwa zaka zitatu, a Nduna, tsiku limodzi silingakuvuteni.

Ine wanu wogwada ndi wosatopa kudikira,

Loretta Penner